Dzino Likachoka: Timange Mlatho Kapena Tikhome Chikhomo?

M'kwaya ya achinyamata ya pa mpingo pathu muli msungwana wina wa zaka 15 amene kale mawu ake ankamveka mpaka ku mipando ya kumbuyo. Tsiku lina pochokera kusukulu adagwa pa njinga ya kabaza, namenyetsa kamwa pamwala, ndipo dzino lake lam'mwamba lakutsogolo lidazuka ndi muzu womwe. Bala la pamlomo lidapola m'masabata awiri, koma kuyambira pamenepo mwanayo adayamba kuimba chowerama, ndipo akafuna kuseka ankayamba waphimba pakamwa ndi dzanja. Makolo ake atapita naye kwa dokotala wa mano kutauni adabwerako ndi kapepala kolembedwa mawu awiri achilendo, bridge ndi implant, pamodzi ndi mitengo yake. Madzulo ena bambo wa mwanayo adafika kwathu nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mumawerenga zambiri, tandiuzani: ng'ombe yanga ndiigulitse chifukwa cha chiti mwa ziwirizi?"

Funso limeneli si la banja limodzi lokha ayi. Ngozi za njinga zachuluka m'misewu mwathu, anyamata amagululana mano pa mpira, ndipo ife akuluakulu ambiri tidazulitsa kale dzino limodzi kapena awiri chifukwa cha kubooka. Kale padalibe chosankha. Dzino likapita lapita. Tsopano njira zilipo, ndipo pamene pali njira ziwiri pamakhalanso ngozi yotaya chuma cha banja pa njira yosayenera. Alipo Akhristu ena amene amati kubwezera dzino ndi kunyada chabe. Ine sindigwirizana nawo. Munthu amatafuna ndi mano, amatchula nawo mawu powerenga ndi poimba, ndipo mwana amene waleka kuyankha mafunso m'kalasi chifukwa cha manyazi wataya chinthu chachikulu koposa maonekedwe.

Gweru silikhala chete

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo manowo amaima motsamirana monga njerwa za pakhoma. Limodzi likachoka, anzake a m'mbali amayamba kupendekera kumpatako pang'onopang'ono, ndipo dzino loyang'anizana nalo la nsagwada inayo, posowa logundana nalo, limanka litalika. Pakati pa mano opendekawo pamakanirira nyama ndi masamba, ndipo kubooka kwina kumayambira pomwepo.

Koma chachikulu chimachitika kosaoneka. Fupa la nsagwada limene limagwira muzu wa dzino limakhala lolimba chifukwa cha ntchito: tikamatafuna muzu umalikankha, ndipo thupi limadziwa kuti fupalo likufunika. Muzu ukachoka, fupa limafota monga umafotera mwendo umene wakhalitsa m'chikhakha. Madokotala a ku Aarhus m'dziko la Denmark adayeza nsagwada za anthu amene adazulidwa mano otafunira, ndipo mu 2003 adalengeza kuti m'miyezi 12 kuchindikala kwa fupa pamalopo kudachepa ndi pafupifupi theka, ndi kuti gawo lalikulu la kufotako lidachitika m'miyezi itatu yoyamba. Muisunge mfundo imeneyi, owerenga okondedwa, pakuti tidzaipezanso kutsogoloku.

Mlatho

Mawu akuti bridge atanthauza mlatho, ndipo dzinali lidaperekedwa moyenera. Monga mlatho umatsamira pa magombe awiri a mtsinje, momwemonso dzino loikirira limatsamira pa mano awiri a m'mbali mwa gweru. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Anthu a mtundu wa Etruscan, amene adakhala m'dziko limene lero ndi Italy, ankamangirira mano oikirira ndi timalamba tagolide zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo Mfalansa wina dzina lake Pierre Fauchard, amene ambiri amamutcha tate wa udokotala wa mano, adafotokoza kamangidwe ka mano oikirira m'buku lake la mu 1728.

Lero ntchitoyi imayenda motere. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, napala mano awiri a m'mbali mozungulira, kuchotsa milimita imodzi kapena mamilimita awiri a chigoba choyera cholimba chija, kufikira manowo atatsala ngati tizitsa. Kenaka amatenga chikombole cha m'kamwa nachitumiza kwa mmisiri, amene amaumba mano atatu olumikizana. Awiri a m'mphepete amakhala a mphako ngati zisoti, ovekera pa tizitsa tija. Lapakati ndilo lolowa m'malo mwa lotayikalo. Amawapanga ndi chitsulo chokutidwa ndi dothi loyera longa la makapu a tiyi, kapena ndi dothi lina lolimba kwambiri lotchedwa zirconia. Pakapita masabata awiri kapena atatu mlatho umamatidwa ndi simenti yake, ndipo suvulidwa usiku monga amachitira mano a pulasitiki aja. Palibe kung'amba nkhama, palibe kuboola fupa, ndipo kawirikawiri mtengo wake umakhala wotsika kuposa wa njira inayo.

Komatu mtengo wa mlatho sulipidwa ndi ndalama zokha. Mano awiri aja nawonso amalipira. Chigoba cha dzino chikapalidwa sichimeranso mpaka kalekale. Nthawi zina mtsempha wa m'kati mwa dzino lopalidwa umafa patapita zaka, dzino nkuyamba kuwawa ndi kutunga mafinya kunsi kwa chisoti. Mizu iwiri imasenza katundu wa mano atatu. Ndipo kubooka kukayamba m'mphepete mwa chisoti chimodzi, mlatho wonse umagwa, gweru la dzino limodzi nkusanduka la mano awiri. Pansi pa dzino lapakati lija fupa limapitirizabe kufota, popeza mulibe muzu.

Chikhomo

Nkhani ya implant idayamba ndi kalulu, koma osati wochenjera uja wa m'nthano zathu. M'zaka za m'ma 1950 dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, amene sadali dokotala wa mano nkomwe, ankafufuza mmene magazi amayendera m'kati mwa mafupa. Adaika tizipangizo toonera ta chitsulo cha titaniyamu m'mafupa a miyendo ya akalulu, ndipo pamene adafuna kutichotsa adapeza kuti takanirira: fupa lidamera nkugwirana ndi chitsulocho ngati kuti ndi chiwalo chake. Zinthu zambiri zachilendo thupi limazikuta ndi mnofu nkuzisiya zogwedera, koma titaniyamu limamulandira. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, Brånemark adaika zikhomo zinayi m'nsagwada ya m'munsi ya bambo wina wopanda mano, ndipo zidamutumikira zaka 40 kufikira imfa yake mu 2006. Madokotala a mano adakayika kwa nthawi yaitali, mpaka pamene umboni wake udaonetsedwa pa msonkhano wa ku Toronto m'dziko la Canada mu 1982. Kuyambira pamenepo njirayi idafalikira padziko lonse.

Implant tsono ndi muzu wachitsulo, kachikhomo ka mazinga ngati sikuluwu, kotalika pafupifupi sentimita imodzi. Dokotala amayamba wajambula nsagwada kuti aone kuchuluka kwa fupa, aonenso pamene padutsa mtsempha waukulu wa m'nsagwada ya m'munsi, ndi pamene pali mphako ya mpweya imene ili pamwamba pa mano otafunira a m'mwamba, pakuti ziwirizi siziyenera kulasidwa. Akabaya dzanzi amatsegula nkhama, naboola fupa, napotera chikhomo m'menemo, nasoka. Kenaka pamadza kudikira, kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6, kuti fupa ligwirane ndi chitsulo; pambuyo pake ndi pamene chisoti chooneka ngati dzino chimamangidwa pamwamba. Apa ndi pamene mfundo ya ku Denmark ija imagwira ntchito. Munthu amene wakhala ndi gweru zaka zambiri angapezeke kuti fupa lake lapyapyala kotero kuti chikhomo sichingaime, ndipo ayenera kuyamba waonjezeredwa fupa, ndiye kuti miyezi inanso ndi ndalama zinanso.

Ubwino wake ndi woonekeratu: mano a m'mbali sakhudzidwa, fupa limapezanso ntchito, ndipo chitsulo sichibooka. Koma amene amati chikhomo ndi dzino losafuna mswachi amanama. Litsiro likaunjikana m'mphepete mwake nkhama zimatupa, fupa limadyeka mozungulira, ndipo popeza chitsulo sichimva kuwawa, mwini wake angazindikire mochedwa, chikhomo chitayamba kale kugwedera.

Yambani mwayang'ana mano a m'mbali

Mukamva otsatsa malonda mungaganize kuti chikhomo ndi chamuyaya ndipo mlatho ndi wa masiku owerengeka. Zoona zake sizili choncho. Akatswiri atasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri adapeza kuti patatha zaka 10, mwa milatho 10 iliyonse pafupifupi 9 imakhala ikadali m'kamwa. Mano omangidwa pa zikhomo nawonso ndi chimodzimodzi, pafupifupi 9 mwa 10, ngakhale kuti chikhomo chenichenicho, cha m'fupa, chimapirira koposerapo, pafupifupi 95 mwa 100. Kusiyana kwenikweni sikuli pa chiwerengero cha zaka ayi, koma pa chimene chimaonongeka tsiku limene zinthu zavuta. Chisoti cha pachikhomo chikasweka, chimasinthidwa chokha. Mlatho ukagwa, kawirikawiri umagwa ndi dzino lamoyo.

Chifukwa chake ine ndimati funso loyamba lisakhale la mtengo, koma la mano awiri amene ali m'mbali mwa gweru. Ngati ali athunthu, osabookapo, osamatidwapo, ndi chinthu chomvetsa chisoni kuwapala onse awiri pofuna kubwezera limodzi. Pamenepo chikhomo ndicho chanzeru kwa amene angathe. Koma ngati manowo adabooka kale, ali ndi zimato zikuluzikulu kapena ndi obenthuka, kotero kuti akufunika zisoti ngakhale padakapanda gweru, pamenepo mlatho sutaya kanthu. Umateteza ofookawo ndi kutseka mpata nthawi imodzi. Munthu wotere kumuuza kuti alipire chikhomo, kenaka alipirenso zisoti ziwiri padera, ndi kumudyera chuma chake. Ndiponso mlatho umafuna magombe awiri olimba. Ngati mano a m'mbali akugwedera ndi chiseyeye, kapena kumbuyo kwa gweru kulibe dzino lina, mlatho umasowa potsamira.

Funso lachiwiri ndi la thupi lonse. Fodya amachepetsa magazi m'nkhama, ndipo zikhomo zimalephera kawirikawiri mwa osuta kuposa mwa osasuta. Matenda a shuga osasamalidwa amachedwetsa kupola. Shuga wosamalidwa bwino saletsa. Chiseyeye chiyenera kuchizidwa choyamba, njira iliyonse isadayambike. Amene adalandira chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza kumutu kapena kukhosi, ndi amene amalandira mankhwala ena olimbitsa mafupa, ayenera kuuza dokotala asadakhudze nsagwada. Musabise kanthu chifukwa cha manyazi. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.

Za achinyamata

Tibwerere kwa msungwana wathu uja, pakuti kwa iye yankho lidali lina. Dzino lachibadwa limagwiridwa m'fupa ndi timitsempha ting'onoting'ono, ndipo nsagwada ikamakula dzino limayenda nayo pamodzi. Chikhomo chilibe timitsempha timeneti; pamene chakhomedwa ndi pomwepo. Chikaikidwa mwa mwana amene akukula, mano anzake amapitirira kutsika pamodzi ndi nsagwada, icho nkutsalira m'mwamba, ndipo patapita zaka dzinolo limaoneka lalifupi, lobisala m'nkhama, pamalo pamene aliyense amayang'ana. Nchifukwa chake madokotala amadikira kuti nsagwada ithe kukula, ndiko kuti pafupifupi zaka 18, ndipo kwa anyamata ambiri kupitirira pamenepo, pakuti iwo amachedwa kukhwima kuposa asungwana. Mlatho wa zisoti nawonso suyenera mwana, chifukwa m'mano a achinyamata mphako ya mtsempha imakhala yaikulu, ndipo popala dzino nkosavuta kuuvulaza.

Ulipo mlatho wina wopepuka umene makolo ambiri sadaumvepo. Umatchedwa Maryland bridge, potengera yunivesite ya ku America kumene adaukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Dzino loikirira limakhala ndi kaphiko kopyapyala kamene kamamatidwa kuseri kwa dzino loyandikana nalo, kumene sikuoneka, ndipo dzino lamoyolo limapalidwa pang'ono chabe, mwina osapalidwa konse. Suyenera kwenikweni mano otafunira mondokwa ndi nzimbe, ndipo nthawi zina umamatuka, koma ukamatuka umamatidwanso popanda chotayika. Kwa dzino lakutsogolo la wachinyamata ndi wabwino ndithu. Palinso kadzino ka pulasitiki kovula ndi kuvala, kamene ndi kotsika mtengo koposa zonse. Sikakoma kwenikweni m'kamwa, koma kamasunga mpata kuti mano ena asapendekere, ndipo kamabwezera mwana kuseka kwake. Kanthu kotere tisakanyoze.

Pano ndiikepo mawu amene ndikadakonda kuti mphunzitsi aliyense wa Sande sukulu ndi woyang'anira aliyense wa timu ya mpira awadziwe. Dzino la msungwana uja lidatoledwa, lidakulungidwa m'pepala, ndipo lidafika kuchipatala m'mawa mwake litauma. Likadatha kupulumuka. Dzino lachikulire likazuka lathunthu pa ngozi, ligwireni kumutu kwake, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka osalipala, mulibwezere m'dzenje mwake nthawi yomweyo, mwanayo alume kansalu koyera, ndipo muthamange naye kuchipatala. Mukaopa kulibwezera, liikeni m'kapu ya mkaka, kapena m'malovu a mwini wake, osati m'madzi, osatinso m'pepala. Timitsempha ta pamuzu tikauma kwa ola limodzi timafa. Koma dzino la ubwana, loyamba lija, lisabwezeredwe, pakuti lingavulaze lachikulire limene likudza pansi pake.

Mtunda ndi thumba

Zonsezi ziyenera kuyezedwa ndi mmene zinthu ziliri kwathu kuno. Madokotala a mano ndi ochepa, ndipo ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi othandizira awo, amene amazula ndi kumata mano koma saika zikhomo. Maphunziro a udokotala wa mano adayamba m'dziko muno mu 2019 pa sukulu ya madokotala ku Blantyre, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland, dziko limene ife a mpingo uno tili nalo pa ubale wakalekale. Ndi chinthu choyamika. Komabe munthu wa kumudzi amene afuna chikhomo ayenera kuwerengera maulendo angapo a kumzinda m'miyezi yambiri, ndi ena a chaka ndi chaka pambuyo pake.

Mabanja ena ali ndi ana ku Johannesburg kapena ku Britain, ndipo anawo mwachikondi amaitana kholo kuti likaikidwe chikhomo kumeneko. Nzabwino, koma funsani mafunso awiri musadakwere basi. Loyamba: kodi mudzakhalako kufikira chisoti chitamangidwa, kapena mudzabwereranso? Lachiwiri: chikavuta muli kumudzi, adzachikonza ndani? Zikhomo zimapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo zomangira za kampani ina sizilowa m'chikhomo cha kampani ina, monga sipanala imodzi simasula mabawuti onse. Pemphani kuti akulembereni dzina ndi saizi ya chikhomo chanu, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi kalata ya ubatizo. Kuno kwathu, onetsetsani kuti wokugwirani m'kamwa ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Safunsa adadya phula.

Ndinenenso chimene ogulitsa sanena: si gweru lililonse limene liyenera kutsekedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 1992 kuti mano achibadwa 20 ogwira ntchito bwino ndi okwanira kuti munthu adye ndi kulankhula bwino. Agogo amene ataya dzino lomalizira la m'kati, ena onse ali olimba, angathe kukhala osabwezera, ndipo ndalamazo nkulipirira mdzukulu sukulu. Dokotala wachilungamo adzakuuzani zimenezi mukamufunsa. Koma mukasankha mlatho, dziwani kuti mswachi sufika pansi pa dzino lapakati lija. Pamafunika ulusi wake woloweza pansipo tsiku ndi tsiku, ndipo muuze dokotala akuonetseni kalowezedwe kake musadatuluke m'chipinda chake.

Bambo uja adabwereranso kwa dokotala ndi mafunso ake atawalemba papepala. Adagwirizana kuti mano awiri a m'mbali, amene ali athunthu, asapalidwe. Mwanayo adamatiridwa mlatho wa kaphiko, ndipo za chikhomo adzakambirana akadzatha zaka 18, atamujambulanso kuti aone ngati fupa likadali lokwanira. Ng'ombe ija sidagulitsidwe; zidapita ndi mbuzi ziwiri. Mayi ake amadandaula kuti tsopano ayenera kumuchekera nzimbe ndi mpeni, pakuti dokotala adamuletsa kusenda ndi mano akutsogolo. Pa Sabata la Mgonero lapitali msungwanayo ndiye adayambitsa nyimbo yachiwiri, mutu uli chilili.